Masiku 7 kuseri kwa phiri la Nkhoma

Lachiwiri, usiku

Ndikulemba ndili pachulu. Musaseke, ndi pokhapo pamene netiweki ikugwira m'mudzi muno, ndipo ana andilangiza kuti foni ndiziyikweza m'mwamba ngati abusa akudalitsa mpingo. Inu amene munapereka pa pepa Sande uja ndinakulonjezani kuti ndizikuuzani tsiku ndi tsiku mmene ndalama yanu ikuyendera, ndiye ndayambapo.

Tanyamuka m'depoti ya Lilongwe cha m'ma 9 koloko, anthu 7: amayi a Chigwirizano asanu, atumiki amodzi, ndi mnyamata wa kwaya amene tamutenga chifukwa cha mapewa ake. Tadutsa Nanjiri, Nathenje, kenako pa Kamphata tasiya M1 n'kukhotera kumanzere. Kuchokera pamenepo phiri la Nkhoma limakhala likukuyang'ana njira yonse, miyala yake ili mbee pamwamba. Simenti yathu, matumba 20, inatsogola dzulo pa lole ndipo tinaipeza itasungidwa pakhonde la golosale. Monga msungichuma ndinawerenga kawiri. Ndalama yomweyi ikanagula ochuluka kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma izo n'zolira chabe.

Ndimaganiza kuti tifunafuna galimoto ina. Tapeza ngolo ziwiri zikutidikira kale, za akhristu a konkuno, ndipo eni ake anakana ngakhale ya sopo. Ife tinakwera njinga zamoto za kabaza, fumbi lili koboo, mpaka duku langa loyera linafika lili lofiira.

Nyumba ya mapemphero imene tadzera ndi nthambi ya mpingo wina waukulu, abusa amafikako mwa apo ndi apo, makamaka pa mgonero ndi ubatizo. Masabata ena onse amayendetsa ndi akulu a mpingo. Makoma anaima, malata anakhoma zaka zitatu zapitazo, koma pansi ndi dothi, mipando ndi njerwa zomata. Simenti yanuyo ndi ya pansi pamenepo. Atilandira ndi nyimbo kuyambira pa mjigo, atiphera nkhuku ziwiri, ndipo atigawa m'makomo awiriawiri. Ine ndi amayi apampando athu tagonekedwa kwa mayi wina wamasiye amene watisiyira chipinda chake, iye wakagona kukhitchini ndi adzukulu ake. Ndinayesa kukana. Anangoti, “Mayi, mlendo ndi mame,” n'kutseka chitseko.

Lachitatu

Msana wanga lero si wanga. Kunkacha anthu ali kale pankhuti. Pano Lachitatu lililonse nyengo ya chilimwe ndi tsiku la ntchito ya pa tchalitchi, ndipo akuumba njerwa za chimbudzi ndi kachipinda ka Sande sukulu. Ntchito anaigawa mwa milaga: mlaga wina uli ndi makasu ukukumba, wina ukuponda matope, amayi akutunga madzi, anyamata akuthamanga ndi zikombole. Palibe wa wisulo, palibe wofuula, koma aliyense akudziwa poima.

Ife tinafika titavala matisheti ofanana amene tinasindikizitsa ku tauni, olembedwa dzina la mpingo wathu kumsana. Ndinaona amayi ena akutiyang'ana n'kuyang'anizana. Sananene kanthu.

Ndinapempha chikombole. Mnyamata wina, wa kalasi ya ubatizo, anandionetsa: umayamba wachiviika m'madzi, n'kuwaza mchenga pang'ono kuti dothi lisakakamire, kenako umatenga chibuma cha matope ndi manja awiri n'kuchimenyetsa mwamphamvu m'kati kuti m'makona mudzaze, n'kusalaza pamwamba ndi kathabwa. Ukatero uthamange nacho pabwalo losesedwa, uchitembenuze kamodzi kokha, n'kuchikweza mowongoka. Ine ndinachikweza mopendeka. Njerwa zanga zoyamba zinatuluka ngati mikate yoponderezedwa m'basi, ndipo mnyamatayo anazibwezera m'nkhuti mwaulemu, ati, “Amayi, dothi silitayika.” Pofika 10 koloko ndinali nditaumba 14 zooneka bwino. Iye yekha anali atadutsa 300. Zoumbidwazo amazifunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe, ndipo ntchito ya udzuyo ndi imene anandipatsa pamapeto pake, pamodzi ndi ana.

Pa nthawi ya thobwa panabuka nkhani ya nkhuni. Atumiki athu, amene anagwirapo ntchito ya zomangamanga, anakumbutsa kuti boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu chifukwa mitengo yatha, n'kuti mabuloko a simenti ndiwo abwino. Akulu a mpingo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako analoza mapiri amene ali mbee, n'kunena kuti kutha kwa mitengo akukuona kuposa ife, poti akazi awo ndiwo amaphikira zitsononkho ndi mapesi. Koma buloko imodzi ndi ndalama, pamene dothi ndi thukuta ali nazo. Uvuni uno adzaotchera bulugama wa m'munda wa mpingo amene anabzala okha, ndipo akadula amasiya zitsa kuti ziphukenso. Atumiki athu sanapitirize.

Chimene chandikhudza ine ndi kope lawo. Mlembi wa pano ali ndi kope la ana asukulu lokutidwa ndi pepala la shuga. Langa lili ndi mizere ya ndalama yolowa ndi yotuluka. Lawo ndalama ndi zochepa kwambiri, masamba ambiri alembamo zina: wakuti ndowa imodzi ya chimanga cha masika, wakuti mitolo iwiri ya udzu, wakuti anabwereketsa ngolo, wakuti sanabwere koma anatumiza mwana. Malata onse aja anachokera mu chimanga, mtedza ndi soya wa masika, kusunga mpaka mitengo itakwera, kugulitsa, kugula malata asanu, chaka chinacho asanu ena.

Lachinayi

Lero tavala yunifolomu, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera limene ndinachapa usiku. Amayi a Chigwirizano a pano amakumana masana, koma m'mawa amayamba ayendera odwala ndi okalamba. Ife tinatenga zimene tinabwera nazo: sopo, shuga, mchere ndi mabulangete anayi.

Khomo lachitatu ndi limene ndikufuna ndikuuzeni. Kanyumba kofolera udzu kumapeto kwa mudzi, gogo wamkazi atakhala pamphasa pakhonde, maso achita ng'ala, miyendo yotupa. Amayi aja sanayambe ndi pemphero. Anamanga zitenje pamwamba pa siketi, wina anatenga ndowa ulendo wa kumjigo, wina anatulutsa zofunda n'kuyamba kuchapa, awiri anakanda dothi lakuda la kudambo n'kuyamba kuzira m'nyumba, kugwada, kuzungulitsa dzanja mpaka pansi ponse pali see. Wina anawotha madzi n'kuwatengera Agogo kubafa. Atabwerako anawadzoza mafuta, kuwawenga zikhadabo ndi lezala, uku akuwaseka kuti akufuna kuwapezera mwamuna. Agogo anayankha kuti akhale wa ng'ombe, wa njinga ayi. Tonse tinafa nacho chiseko.

Ine ndinaima ndi foni. Ndinkafuna chithunzi choti ndikuonetseni, amayi apampando akupereka bulangete, Agogo akulandira. Ndinajambuladi. Koma nditachiyang'ana, m'chithunzimo muli amayi apampando a ku tauni ndi bulangete, pamene amene anazira nyumba ali kuseri akusamba m'manja. Sindichiika pano.

Pobwerera ndinafunsa mayi amene amatsogolera kuti Agogowa analowa liti mpingo. Anandiyang'ana modabwa. “Sali mumpingo, Mayi. Amuna awo anali akuluakulu a kudambwe, iwonso moyo wawo wonse ndi wa kumeneko.” Ana awo awiri anamwalira, wina anapita ku Johannesburg ndipo anasiya kuimba foni. Ndinafunsanso kuti akhala akuwayendera kwa zaka zingati, ndi kangati pa mwezi, kuti ndilembe mu lipoti. Anayamba kuwerenga ndi zala, anasiya, anafunsa mnzake, mnzakeyo anati chiyambire chaka chimene denga linagwa ndi mvula. Chaka chake chiti? Anatsutsana pang'ono n'kuyamba nkhani ina. M'kope langa mzere umenewo ndausiya wopanda kanthu.

Amene mumadziwa dera lino mukudziwa kuti kwa Mazengera gule wamkulu ndi mpingo akhala akuyang'anizana kuyambira kale, ndipo mkhristu wopezeka kudambwe bwalo la mpingo limamuitana. Zimenezo zilipo ndithu, sindikubisa. Koma madzi a Agogo amatungidwa ndi amayi a duku loyera, ndipo dzulo pankhuti munthu amene ankaponda matope mwamphamvu kuposa onse andiuza kuti ndi wa ng'oma za gule. Mwana wake amaphunzira Sande sukulu, ndiye akuti sangalole kuti azikhala padzuwa.

Tisanachoke Agogo anatumiza kamwana m'nyumba, kanatuluka ndi mbale ya mtedza wosasenda. Ndinayang'ana amayi apampando, iwo anandiponda phazi. Tinalandira ndi manja awiri.

Lachisanu

Lero timayenera kuyamba kuthira simenti. Amisiri awiri a mumpingo momwemo anali atakonzeka, mchenga ndi miyala zinatutidwa kale. Koma cha m'ma 4 koloko m'bandakucha tinamva kulira kuchokera kutsidya kwa dambo. Mayi wa nyumba anagogoda n'kunena motsitsa mawu, “Kwagwa zovuta.” Bambo wina wa mudzi woyandikana nawo, amene anadwala nthawi yaitali.

Ndivomere tchimo langa. Choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali masiku. Tinapempha tchuthi kuntchito mpaka Lolemba, ndipo ndinakulonjezani chithunzi cha pansi posalala. Ndinafunsa atumiki athu ngati amisiri awiri okhawo sangatsale n'kumagwira. Iwo anapita kukanong'oneza akulu a mpingo, ndipo anabwerako ali ndi manyazi. Yankho linali lakuti m'mudzi mukagwa maliro khasu siligwira ntchito ina koma ya kumanda, ndipo mmodzi mwa amisiriwo ndi mdzukulu, ali kale kumeneko.

Ndiye tinapita kumaliro. Ine ndakhala pamaliro ambiri mu Lilongwe, kumene masiku ano timachita hayala tenti, mipando, ngakhale ophika. Kuno nyakwawa itangolengeza, mwana aliyense amene ndinakumana naye panjira anali atasenza kanthu: kambale ka ufa, mtolo wa nkhuni, nkhwani, kachitini ka nyemba. Panali bambo wina pansi pa mtengo wa mango ndi kope, akulemba khomo lililonse chimene labweretsa. Amayi a Chigwirizano anagawana pawiri, ena m'nyumba ya siwa kukhala ndi namfedwa n'kumaimba, ena kumoto. Amayi a Katolika anabwera ndi mapoto awo, a mipingo ina chimodzimodzi, ndipo mafuwa anayalidwa mzere umodzi.

Anandipatsa mthiko wotalika ngati ine ndemwe, poto wake ndi mgolo wodula pakati. Nsima ya anthu mazana siivundulidwa ndi manja okha, umaponda mwendo umodzi kutsogolo n'kumakoka ndi thupi lonse, utsi uli m'maso, mnzako akuthira ufa, wachitatu wagwira mgolo ndi zisanza kuti usagubuduke. Ndinapirira mphindi mwina zisanu. Mayi wina wachikulire kuposa ine anandilanda mthiko akuseka, “Pumani, Mayi, manja a cholembera awa.” Anandiika pa ntchito yoomola ndi chipande, ndipo imeneyo ndinaikwanitsa mpaka madzulo. Mbale zoyamba zinapita kumanda kwa adzukulu, poti iwo ndiwo amayamba kudya.

Shuga ndi mchere zimene zinatsala dzulo tinazipereka pomwepo, komanso tinasonkha chipepeso cha m'matumba mwathu, osati cha inu. Mwambo anayendetsa ndi akulu a mpingo, poti abusa anali ku maliro ena kutali. Pobwera kumanda, dzuwa litapendeka, amayi amene anaphika tsiku lonse anayambanso kutsuka migolo ndi mchenga. Ndinafunsa kuti iwo adya nthawi yanji. Anandionetsa mbale ya makoko.

Loweruka

Amisiri ayamba lero m'mawa, koma anatiuza mosabisa kuti ife tingowapanikiza. Choncho tinapita ku mishoni ndi amayi anayi a kuno amene anali ndi ulendo wawo kale: mayi wina wa mlaga wawo ali kuchipatala akudikirira mwana wake woyembekezera, ndiye amamupititsira ufa ndi nkhuni mosinthana. Tinayenda wapansi pafupifupi maola awiri, iwo mitolo ili pamutu, ife mabotolo a madzi m'manja.

Ndakhala mu sinodi ino ya Nkhoma moyo wanga wonse koma ku Nkhoma ndinali ndisanapondeko, zamanyazi. Nyumba zakale za njerwa zofiira zili m'munsi mwenimweni mwa phiri, ndipo kamphepo kake n'kozizira ngakhale masana. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Murray ndi Vlok, anayambira ku Mvera mu 1889, ndipo mishoni yawo inafika kuno mu 1896, nthawi imene anthu a mfumu Mazengera ankakhala m'phirimu pothawa nkhondo za Angoni. Ukaliyang'ana phirilo umamvetsa chifukwa chake, mdani sangakwere osaonedwa. Chipatala chinayamba mu 1915, ndipo mpaka lero anthu amachokera kutali kudzafuna thandizo la maso. Ndinakumbuka ng'ala ya Agogo aja, ndipo amayi apampando anati tikambirane tikafika. Buku Lopatulika limene lili m'chikwama changa, lomwe linatuluka mu 1922, ntchito yake yomasulira anatsogolera ndi William Murray wa mishoni yomweyi, ndipo sekondale ya pano imatchedwa dzina lake. Mu 1926 Nkhoma inalowa mu CCAP kudzaphatikana ndi Blantyre ndi Livingstonia. Chigwirizano chathuchi chinayamba mu 1940. Mayi anga anavala duku limeneli, agogo anganso.

Koma zaka zonsezo ndinazisiya pachipata titafika kumene odikirira odwala amaphikira. Utsi, mapoto ang'onoang'ono, amayi ogona pazitenje. Mayi amene tinamuyendera atangoona anzake anaimirira n'kuyamba kulira, osati chifukwa cha vuto, mwana wake ali bwino. Ufa unali utamuthera dzulo lake, ndipo anadya kwa mayi wina wa ku Dedza amene sankadziwana naye n'kale lonse. Ufa umene unabwerawo anayamba wapungulako n'kukabweza kumeneko.

Tabwerera madzulo tapeza theka la tchalitchi lathiridwa kale. Ana ajambulapo kale phazi pakona.

Lamulungu

Tapempherera panja pansi pa mitengo, poti simenti sinaume. Anthu anali ochuluka, makwaya atatu, ndipo mnyamata wathu uja anaimba nawo ngati wakwawo. Chopereka chinali ndalama zochepa, mazira asanu ndi limodzi, ndi nkhuku imodzi yomangidwa miyendo imene inasokoneza ulaliki kawiri. Zolengeza zinatenga nthawi kuposa ulaliki: mlaga wakuti mawa ukafolere nyumba ya Agogo akuti mvula isanayambe, achinyamata Lachiwiri akasese kumjigo, amayi awiri akagone kwa namfedwa sabata ino.

Titaweruka akulu a mpingo anatiitanira pambali, ife atatu, amayi apampando, atumiki ndi ine. Anayamba ndi kuthokoza kwakutali, ndipo ndinadziwa kuti kukubwera nkhani. Amisiri awerengera kuti pansi ponse padya matumba 20 onse. Koma simenti ya pa mjigo inasweka, madzi akudikha pomwepo, ng'ombe zikupondaponda, ndipo mvula ikayamba matope amenewo adzalowa m'chitsime. Mjigowo ndi wa midzi itatu, opemphera ndi osapemphera. Pempho lawo ndi lakuti matumba atatu apite kumeneko, ndipo kumbuyo kwa tchalitchi, kumene kumakhala ana, kutsale kwa dothi mpaka masika a chaka chamawa. “Tikanatha kungotenga inu mutapita,” anatero mkulu wina, “koma ndi ndalama ya eni ake.”

Ndinawauza zoona, kuti ine ndilibe mphamvu imeneyo. Pa envulopu tinalemba kuti simenti ya pansi pa tchalitchi, ndipo msungichuma amene amasintha zimene anthu anaperekera, ngakhale pa chifukwa chabwino, mawa lake sakhulupirikanso. Ndaonapo mipingo ikugawanika pa nkhani zazing'ono kuposa iyi. Iwo anagwedeza mutu, sanakhumudwe. Ndinakwera pachulu, ndinaimbira abusa athu ndi mlembi wa mpingo. Abusa anati iwo sakuonapo vuto koma nkhaniyi ipite ku komiti Lachitatu. Choncho tagwirizana kuti matumba atatu akhale osatsegula m'nyumba ya mlembi wa kuno mpaka yankho litabwera. Maganizo anga ine, poti ena mwayamba kale kundifunsa pa WhatsApp: mjigowo ndauona, ndamwa madzi ake masiku asanu ndi limodzi. Ndidzaimika dzanja kuti apatsidwe. Amene muli ndi mawu ena bwerani Lachitatu 5 koloko, musadzalankhulire kuseri.

Lolemba, ndili kunyumba

Tinanyamuka m'mawa amisiri akusalaza chigawo chomaliza. Ngolo imene inabweretsa simenti ndi yomwe inatiperekeza, ndipo sinapite yopanda kanthu: thumba la mbatata, mtedza ndowa ziwiri, mfutso wa m'zikwatu, nthochi, ndi nkhuku ija ya chopereka, imene akulu a mpingo anaigula okha n'kuipereka kwa abusa athu. Mayi wa nyumba anandipatsa ufa woyera m'kathumba, ine ndinamusiyira nsapato zanga zimene anaziyamikira Lachinayi, ndipo tinakangana pang'ono kuti wapambana ndani.

Pa Kamphata kondakitala anayang'ana katundu wathu n'kufunsa ngati tikuchokera kokagula mbewu. Anatilipiritsa mipando iwiri yoonjezera. Ndalama imeneyo sinali pa bajeti, ndalipira ya m'thumba mwanga, ndipo lisiti palibe. Za maso a Agogo, amayi apampando akuti alankhula ndi mlamu wawo amene ali ndi galimoto. Malisiti a simenti ndi a lole ndibwera nawo Lachitatu, pamodzi ndi mtedza wa Agogo, umene sindinauyambe.